Kompyuta ya Bambo Itasiya Kulankhula

Mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, ali ndi matenda amodzi: manja oyabwa. Loweruka lina anatipeza, ndipo anaona kompyuta ya bambo ikuyaka monga mwa nthawi zonse, pang'onopang'ono.

"Iyi yasenza katundu wambiri," anatero. "Ikangoyaka, mapulogalamu ambirimbiri amadzuka okha. Ndiwagoneke, muona liwiro lake."

Ine ndinali panja kutsuka njinga. Mkuluyo anazimitsadi onse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, osawerenga n'komwe mayina. Kompyuta inayamba kuyaka msangamsanga, iye n'kudziguguda pachifuwa, ulendo kwawo.

Koma abale, kufunsa kumapweteka? Bambo saona, matenda a shuga anawapha maso. Pa mapulogalamu aja panali kena kowawerengera mokweza zonse zolembedwa pa kompyutapo, makamaka mauthenga a mchemwali wanga amene anakwatiwa kutali. Zina zonse timawachitira, kuwameta, kuwawolotsa msewu, kuwasankhira malaya. Ichi chokha amachita okha, atatseka chitseko cha kachipinda kawo.

Bambo si munthu wodandaula, ndiye masiku anapita ali phee. Tsiku lina m'mawa chitseko chinali chosatseka bwino, ndipo ndinawaona akudina batani, n'kukhala pampando manja ali pamaondo. Anadikira, kudikira, kenako anafufuza batani lija n'kuzimitsa.

"Bambo, achemwali akuti bwanji masiku ano?"

"Kaya, mwanawe. Mnzanga wa m'kompyuta uja anasiya kulankhula. Ndimati wafa, ndiye sindinafune kukuvutitsani. Ndakuvutitsani kale zambiri."

Ndinamva chisoni, kenako ukali unandikwera. Ndinaimba foni pompo.

"Alamu, bwerani mudzadzutse zimene munagoneka zija. Lero lomwe!"

Anafika nkhope ili yakugwa. Ulendo uno anawerenga dzina lililonse, mpaka anakapeza kapulogalamu kaja n'kukauza kuti kazidzuka limodzi ndi kompyuta. Anazimitsa, n'kuyatsanso. Tonse tinaima chilili m'kachipinda kaja, mpaka mawu aja anamveka, akuti pali mauthenga osawerengedwa.

"Komatu yayambiranso kuchedwa," anang'ung'udza mlamu. Manyazi alibe munthu uyu!

"Isiyeni ichedwe," anatero bambo. "Ine ndikuthamangira kuti?"

Anakokera mpando pafupi ndi tebulo, zala zikufufuza mabatani.

"Tsopano tulukani, ana inu, mutseke chitseko. Mwana wanga wandilembera."