Boti Lopendekeka la Bwana

Amuna anga, a Lemani, anakulira m'bwato. Kwathu ku Malindi ntchito yawo yoyamba ali mwana inali kukapa madzi ndi chigubu chodula, bambo awo akuponya ukonde. Mpaka lero akaona madzi pamalo osayenera, ngakhale pansi pa sinki, manja amawayabwa.

Ine ndine Asiyatu. Ndakhala kuno ku Doha zaka ndithu, ndikugwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina ku The Pearl. Nthawi yonseyo amuna anga ndinkangowaonera pa foni, nkhope itauma pa sikirini netiweki ikavuta. Ndiye tsiku lina Bwana atanena kuti akufuna munthu wosamala boti lawo, ndinalumphira nkhaniyo. Ndinawachemerera a Lemani ngati ndikugulitsa mbuzi pamsika. Viza inatuluka, iwo n'kubwera. Koma Bwana ananeneratu kuti awayesa kaye. Akalephera, khalas, basi zatha, akwere ndege abwerere kwawo.

Botilo si la nsomba, komanso silinyamula katundu. Ntchito yake ndi kupanga funde basi. Limayenda pang'onopang'ono, kumbuyo kwake madzi akutumphuka, ndipo Noora, mwana wamkazi wa Bwana amene ali ku yunivesite, amaima pa kathabwa n'kumatsetsereka pa fundelo. Amati wakesurf. Kwathu mafunde timawathawa, kuno amachita kuwapanga. Ine ndinali nditakweramo kangapo, wonyamula matawulo, ndipo nthawi zonse botilo linkapendekekera kumanzere. Ndinkangoti linabwera lopunduka kuchokera ku fakitale, ndipo sindinafunse aliyense. Za boti zinkandikhudza chiyani ine?

Tsiku lowayesa linali Loweruka. Bwana analawirira nawo kudoko, anadinadina mabatani awo, kenako anawauza kuti atsuke boti, Bwanawo n'kupita kukamwa karak, tiyi wawo wamkaka uja. Ife tinafika pambuyo: Madamu, achemwali awo a Madamu, Noora, ndi ine ndikukoka makula bokosi a zakudya.

Ndinawapeza a Lemani thukuta lili kamukamu, koma akumwetulira mano onse pamtunda. Boti linali chilili pamadzi, lowongoka bwinobwino.

"Make Amina," anandinong'oneza, "anthu awa ndawapulumutsa lero."

"Mwatani?"

"Botili limalowa madzi! Ndatsegula pansi pa mipando yakumbuyoyi, ndapeza zimatumba zikuluzikulu zitadzaza madzi, zitafufuma ngati mvuu. N'chifukwa chake limapendekeka. Ndakhuthula onse. Paipi yolowetsa madziyo ndaitseka ndi sanza ndi sopo, ndamanganso ndi mphira. Salowanso madzi mpaka tsiku la Kiyama."

Ndinanyada, ndisaname. Ndinati mumtima, onani mwamuna amene ndakubweretseraniyu.

Tinanyamuka, Bwana akuyendetsa. Tinatuluka padoko mpaka nyumba zitalizitali za ku Al Dafna zinayamba kuoneka patali mu nkhungu ya kutentha. Noora anavala jekete yake yoyandamitsa, analumphira m'madzi ndi kathabwa kake, n'kugwira chingwe.

"Yalla, baba! Tiyeni, bambo!" anakuwa.

Injini inalira, boti linayenda, tonse tinacheukira kumbuyo. Abale inu! Funde lake linali la bakha akamawoloka dziwe. Noora anaimirira pang'ono, kathabwa n'kutitimira, iye phava m'madzi. Anayesanso, chimodzimodzi. Kachitatu anatulutsa mutu akulavula madzi amchere, n'kufunsa bambo ake ngati akuchita dala.

Bwana anayamba kudina mabatani aja. Pampu inalira mopyapyala, inatsokomola, kenako kunamveka fungo la waya wopserera, ndipo inangoti zii. Anadzuka n'kutsegula mpando wakumbuyo. Matumba aja anali ataphwa, ndipo kukamwa kwa paipi kunkasuzumira nsanza yamaluwa achikasu. Ndinaizindikira. Chinali chitenje changa chakale chimene ndinawapatsa a Lemani kuti azipukutira magalasi.

"Wachita izi ndani?" anafunsa Bwana pa Chingerezi.

A Lemani anaimirira, chifuwa patsogolo. "Me, sir." Anali kudikirira kuthokozedwa, munthu wa Mulungu.

Bwana anagwira mutu ndi manja onse awiri. Kenako analankhula pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi wodwala, ine ndikumasulira. Madzi aja amawatcha balasiti. Amawapopera m'matumba mwadala kuti boti lilemere kumbuyo, makamaka mbali imene Noora amaima. Boti likalemera limakhala pansi, limakumba madzi kwambiri, funde n'kukula. Bwana anali atadzaza matumbawo m'mawa womwewo asanapite ku karak.

"Dala?" anatero a Lemani akundiyang'ana. "Munthu wamutu wake kulowetsa madzi m'boti dala? Make Amina, wamasulira bwino?"

"Khalani chete, Che Lemani, chonde."

"Koma afunse, akamira pano awavuula ndani?"

"Ndati khalani chete!"

Bwana anapumira m'mwamba. Anati khalas, tibwerere kudoko, n'kuuza Noora kuti akwere. Sanawayang'ane a Lemani. Anayang'ana ine, ndipo maso amenewo ndimawadziwa, ndi omwe anamuyang'ana nawo dalaivala wathu wakale asanamuperekeze ku eyapoti. Ndinadziona kale ndikubwerera ku foni ija, ndikufunsa kuti mukundimva, mukundimva.

Pakamwa panga panatseguka pokha.

"Sir, chimene mukufuna ndi kulemera basi?"

Anagwedeza mutu.

"Mafi mushkila," ndinatero, kuwauza kuti palibe vuto.

Ine Mulungu sanandimane thupi, ndipo tsiku limenelo ndinamuthokoza. Ndinakakhala pakona yakumbuyo kumanzere, boti n'kumva ndithu kuti pakhala munthu. Ndinakokera makula bokosi onse kumapazi anga. Achemwali a Madamu, amene nawonso ndi mayi ooneka, anayamba kuseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango, kenako anabwera kudzakhala pafupi nane. Madamu anang'ung'udza kuti iwo sanabwere kudzakhala thumba la madzi, komabe anasendera.

Bwana anayesanso. Funde linakulako, koma Noora anangotsetsereka pang'ono n'kugwanso. Atatulutsa mutu anakuwira bambo ake kuti matumba aja ali ndi zivindikiro pamwamba, munthu atha kuthiramo ndi manja.

Ndowa inalipo imodzi yokha, ya ayisi. Ndinakhuthula ayisiyo m'bokosi n'kuwapatsira amuna anga ndowayo. Iwo anabweza manja kumbuyo.

"Ine? Nditunge m'nyanja ndithire m'boti? Make Amina, akamva ku Malindi adzandiseka mpaka kumanda."

"Ku Malindi komweko mukafika sabata yomwe ino mukapanda kuthira, mukawafotokozere bwino."

"Koma ndi malodza amenewa."

"Malodza ndi ine kukwatiwa ndi foni!" ndinatero. "Ndatopa, bambo a Amina. Ndatopa kugona ndekha m'dziko la eni. Tengani ndowayi."

Anayang'ana ndowa ija. Kenako anailandira, anagwada m'mphepete mwa boti, anati Bismillah, n'kutunga. Ndowa itadzaza, dzanja linachita zimene linazolowera: linawaponyera madziwo kunyanja komwe anachokera. Achemwali a Madamu anatsala pang'ono kugwa pampando.

"M'thumba!" ndinakuwa. "M'thumba, bambo inu!"

Yachiwiri inalowa m'thumba. Anathira atatembenuzira nkhope kumbali, ngati akumwetsa mwana mankhwala owawa. Yachitatu, yachinayi, kenako msana unagwira kayendedwe kake, ndowa ikungopita ndi kubwera, iwo akung'ung'udza m'Chiyao kupepesa kwa malemu bambo awo. Thumba loyamba linafufuma, analowa lachiwiri. Malaya onse ananyowa. Boti linayamba kukhala pansi kumbuyo, likupendekekera kumbali kwathu, mpaka ndikanatha kukhudza nyanja ndi chigongono.

Bwana analiza injini. Poyamba kumbuyo kunangochita thovu, kenako thovulo linasalala, madzi n'kuimirira. Funde lenileni, lofika m'chiuno mwa munthu, losalala mbali yake, likutitsatira osasweka. Noora anadzuka pa kathabwa, anapeza malo ake, n'kuponyera chingwe m'boti. Anali kuyenda popanda chomukoka, akukwera ndi kutsika, akukuwa ngati wapenga. Madamu anatulutsa foni kuti ajambule.

A Lemani ataona madzi afika pafupi ndi mlomo wa boti, anayamba kukwawira mbali yakumtunda kuti aliwongole. Nthawi yomweyo funde linayamba kuphwanyika.

"La, la, la! Ayi!" anakuwa Bwana akuwaona pa galasi. "Bwerera! Khala ndi mkazi wako! Sendera pafupi. Pafupi kwambiri! Eya, pomwepo. Usasunthe!" Anayang'ananso funde, n'kugwedeza mutu akuseka. "Mawa ulawirire, inshallah. Tikaike pampu ina, ndikuphunzitse mabatani. Ndipo sopo usadzabwere nayenso m'boti langa."

A Lemani anabwerera n'kudzakhala pafupi nane. Chibwerereni ku Doha, a Lemani ankagona ku akomodeshoni ya amuna ku Old Airport, ine kwa Madamu, ndipo tikakumana pageti tinkapatsana moni ngati anthu a mpingo umodzi, maso ali kwa alonda. Tsopano phewa lawo lonyowa linali litakanikiza langa, pamaso pa Bwana ndi banja lonse, Bwana yemweyo atalamula.

"Tikumira, make Amina," ananong'ona.

"Sitikumira. Mwalembedwa ntchito."

Ndinaponya thawulo pamiyendo pathu, pansi pake n'kupeza dzanja lawo. Linali lozizira, lokhakhala, ndipo linandigwira mwamphamvu mpaka zala kuwawa.

Patapita nthawi Noora anatopa n'kudzigwetsa m'madzi. Bwana anazungulitsa boti kukamutenga, n'kumufunsa ngati akufuna ulendo wina kapena tizipita kunyumba. Mwanayo anali akupumabe wefuwefu, asanatsegule n'komwe pakamwa.

"Akufuna, sir," ndinayankha ine.