Sole wa Alamu Anga

Kuno ku Likangala aliyense ali ndi sole pakamwa. Kondakitala akakuponda phazi mu minibasi, sole. Mwana akagwa, sole. Mayi wa pamsika akakupatsa matemba oola, sole, n'kupitiriza kuitana makasitomala. Ndi kamawu kachingerezi kopepuka ngati mankhusu a mpunga, ndipo ine Cecilia ndimakanenanso. Koma tsiku lina kanandinyansa.

Mng'ono wanga Tiyamike anakwatiwa ndi Gerishomo, mkamwini wolimbikira ntchito akafuna. Nthawi yowokera mpunga itakwana, bambo uja uyo ku doko la Kachulu, ati kukagula nsomba. Nsomba yake inali yovala chitenje, ndipo doko lonse linkadziwa! Tiyamike anawoka yekha m'matope, ali ndi pakati.

Zitamukwana kumeneko, Gerishomo anatumiza mawu kuti akubwera. Tiyamike anaitana amalume, omwe ndi ankhoswe ake.

"Achemwali," anandiuza, "sindikufuna nsalu kapena sopo. Akhale pansi pamaso pa amalume, avule chipewa, anene kuti pepani, ndinalakwa. Akatero banja lilipo."

Tsikulo mng'ono wangayo sanakhazikike. Kusesa posesa kale. Kulowa m'nyumba, kutuluka, kuiwala chimene analowera. Kabaza aliyense akamadutsa pamsewu, iye khosi kutalika. Nanenso mtima unali m'mwamba, ngakhale ndinkauza aliyense kuti galu ameneyo asapondenso pano.

Gerishomo anafika dzuwa litapendeka, milamba yowamba m'manja, chipewa kumutu. Amalume anamulozera mphasa. Iye anangotsamira mtengo wa mango.

"Aaa, zakale izo. Sole, madamu."

Ine magazi anawira. "Alamu, mwati chiyani? Sole? Mwataya madzi a munthu pamjigo kapena?"

Amalume anandiletsa ndi dzanja. "Bambo, mphasa iyo. Khalani pansi, mulankhule monga anakulererani makolo anu."

Gerishomo anayang'ana mphasa, n'kuyang'ana amayi oyandikana nafe amene ankasuzumira pampanda. Anakweza dzanja n'kugwira chipewa. Tiyamike anandifinya mkono mpaka kuwawa. Abale inu, munthu uja anangochikonza chipewacho kuti chikhale bwino!

"Ndati sole. Nanga si chimodzimodzi? Mukufuna ndigwade anthu onsewa akuona?"

"Anthu omwewa ndi amene ankandiona ndikuwoka ndekha," anatero Tiyamike.

Anadikirabe. Ndinamuona ndi maso angawa akuyang'ana pakamwa pa mwamuna wake, milomo yake iye ikugwedera ngati akufuna kumuthandiza kutchula. Gerishomo anayika milamba ija pakhonde, n'kufunsa ngati pali madzi osamba.

Tiyamike anandisiya mkono.

"Amalume, aperekezeni. Minibasi yomaliza ya ku Kachulu ingawasiye."

Ine amene ndinkalumbira kuti achoke, ndine ndinayamba kulira. Tiyamike anapinda mphasa ija yekha, mimba ikumuletsa kuwerama, osalola munthu kumuthandiza.