Juzi ya Laputopu

Mdzukulu anabadwa Lachitatu m'mawa, ndipo kuyambira tsikulo Atelala mutu sunagwirenso ntchito bwinobwino. Chimwemwe chinadzaza tsaya. Anauza aliyense wolowa m'shopu mwawo, wodzafupikitsa buluku, wogulitsa mazipi, ngakhale mkulu wina amene anangosochera akufuna kometa tsitsi. Lachinayi anasokerera thumba la malaya mozondotsa, mwiniwake atadandaula anangomuyankha kuti, "Pepani bambo, ndine agogo tsopano," ngati kuti ugogo umaongola thumba.

Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, amakhala kutali, ulendo wa ndege ziwiri. Analonjeza kuti Loweruka 3 koloko masana, akatuluka m'chipatala, adzaimba pa vidiyo kuti agogo aone khandalo. Zoti atumize kaye chithunzi Atelala anakana. Chithunzi sichiphethira, iwo amafuna amuone akugwedezeka.

Kafoni kawo ndi kamabatani, choncho chiyembekezo chonse chinali pa laputopu imene mwanayo anawasiyira pochoka. Ndipo laputopu yosamalidwa ngati imeneyo simunaione. Anaisokera juzi yake yachikasu, yoika thonje m'kati, yokuta pansi ndi m'mbali monse, lesi m'mphepete. Juziyo sinkavulidwa. Tsiku lonse laputopu inkakhala pambali pa makina osokera, ikuimba nyimbo, mwiniwake akupalasa makina.

Masabata apitawo inali itayamba kulira ngati ili ndi chifuwa, kenako inasiya kulirako n'kuyamba kutentha. Atelala anaganiza kuti yachira. Loweruka masana anaiyatsa kuti ayeserere momwe adzakhalire pa kamera, ndolo zili m'makutu. Mphindi zisanu zisanathe, inazima yokha. Anaiyatsanso, inazimanso, pansi pake pakutentha ngati simbi. Anayang'ana wotchi, 1 koloko inali itadutsa. Anaikulunga m'thaulo kuti isawombedwe ndi mphepo panjira, n'kuuyatsa ulendo wa liwiro la mtondo wadooka.

Mng'ono wa malemu amuna awo amakonza mafoni ndi makompyuta m'kachipinda ka pansi pa masitepe, misewu itatu kuchokera kushopu. Anthu amawatchula kuti Adokotala, ndipo iwo sakana.

"Alamu, yafa," anatero Atelala ali wefuwefu. "Yafa lero, mwa masiku onse a Mulungu."

Adokotala anafunyulula thaulo, n'kuyang'ana juziyo kwa nthawi yaitali.

"Kodi mwabweretsa laputopu kapena mdzukulu wafika kale?"

"Musandiseke, alamu. 3 koloko akuimba."

"Zikavuta muonera pa foni yangayi."

Atelala anaiyang'ana foniyo. Galasi lake linali ming'alu yokhayokha. "Mdzukulu wanga woyamba ndimuonere pamenepo, wogawika panayi? Inu ntchito yanu n'chiyani kodi?"

"Sing'anga sadzichiritsa yekha, alamu. Takhalani pansi."

Kukhala pansi sanakhale. Adokotala anayatsa laputopu n'kugunditsa khutu m'mbali mwake. Makutu ndiye ali nawo, a kubanja kwawo, otambasuka ngati zogwirira kapu. Anati akumva kachinthu kakuti tiki, tiki, ngati kakufuna kunyamuka koma kagwidwa mwendo. Anang'amba kapepala kopyapyala n'kukayandikitsa pamene pamayenera kutulukira mpweya. Kapepalako sikanagwedezeke.

"M'katimu muli kafani," anafotokoza. "Kamakoka mpweya pansipa n'kuutulutsira apa, kuti ubongo wake usapse. Ukatentha kwambiri imadzizimitsa yokha podziteteza. Ndiye inu mabowo onse mwawaveka juzi."

"Ndimaopa fumbi. Komanso m'mawa kushopu kumazizira."

"Imakudandaulirani kuti ikuzizidwa?"

Anaivula juziyo, Atelala akuyang'ana kumbali ngati akuvula munthu wamkulu pagulu. Anaitembenuza, n'kumasula tizitsulo tomangira, akutiika m'chitsekerero cha botolo kuti tisasowe. Anachotsa chivundikiro, n'kuzula kaye waya wa batire. Kenako anaseka mpaka kugwira tebulo.

Kafaniko sikankaoneka n'komwe. Pamwamba pake panali chiguduli cha ubweya wansalu, chothinana moti mukanatha kusokapo kolala. Atachikanganula, pansi pake panali ulusi wachikasu utazengereza pakati pa fani kambirimbiri. Anayesa kuizunguza ndi chala, yosatheka.

Ulusiwo Atelala anaudziwa nthawi yomweyo. Miyezi isanu anakhala akusoka tizovala ta khanda, tizipewa, timabulangete, zonse zachikasu poti sankadziwa kuti kubwera mnyamata kapena mtsikana. Phukusi lonse anatumiza mwezi watha. Zotsalira zake ndi izi laputopu inameza, ikulowetsera pa kampata kamodzi kamene juzi inasiya. Anachita manyazi, koma kuseka kunawaposa mphamvu.

Adokotala analimbana nawo ulusiwo ndi kopanira, ukungoduka. Wotchi inati hafu pasiti 2.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, alamu."

"Nkhono yanuyo ilibe mdzukulu. Tapatukani."

Anapisa m'thumba la epuloni, poti anathamanga osaivula, n'kutulutsa kachitsulo kawo komasulira misoko. Anakweza magalasi, n'kukodola ulusiwo pamalo amodzi okha. Unatuluka wonse, wautali kuposa mkono. Ulusi ndiye ntchito yawo, zaka makumi atatu. Adokotala anagwira fani ndi chala kuti isazungulire mopenga, n'kupemerera fumbi lotsala ndi kapampu ka labala. Anabwezera batire, chivundikiro, tizitsulo tonse, n'kuyatsa.

Kapepala kaja kanayamba kuvina. Atelala nawo anavina pomwepo, m'kachipinda koti munthu satembenukamo, mpaka anagwetsa bokosi la machaja. Anafuna kuiveka laputopu juzi yake kuti ioneke bwino, Adokotala analanda juziyo n'kuikhalira.

Nthawi yobwerera kushopu panalibe. Laputopuyo anaiika pa tebulo lopanda nsalu, Adokotala n'kuilumikiza ku intaneti yawo. Mphindi khumi zinadutsa osazima, pansi pake pali pofunda chabe. Kenako inalira, mwana wawo akuimba.

"Amayi, mukundiona? Kodi muli kuti? Aa, bambo aang'ono, muli pomwepo?"

"Za moni pambuyo, mwanawe. Ali kuti?"

Mwana wawo anasendeza kamera. Chimene chinaoneka ndi phukusi lachikasu likulira. Kajuzi, bulangete, bulangete lina pamwamba, chipewa chofika m'zikope. Pakati pa zonsezo panali kamphuno kofiira ndi kukamwa kuli yasa.

"Ndamuveka zonse munatumiza zija kuti muone," anatero mwanayo. "Koma chifikireni kunyumba sakutonthola. Ndayamwitsa, ndasintha thewera, sindikudziwanso."

Atelala anasuzumira pafupi ndi galasi. Pa kamphunopo panali timadontho ta thukuta. Anacheuka kuyang'ana mlamu wawo, mlamuyo anayang'ana kudenga, akubisa kuseka.

"Mwanawe, muchotse bulangete limodzi. Linalonso. Chipewacho muvule. Mwana amafuna mpweya."

"Inu amayi? Inu amene munkandiveka majuzi awiri popita kusukulu dzuwa likuswa mtengo?"

"Ndaphunzira lero. Tamuvula."

Mabulangete anachoka, chipewa chinachoka. Kulira kunayamba kuchepa, kenako khandalo linayasamula, n'kutsegula diso limodzi. Linali ndi tsitsi lambiri lonyowa ndi thukuta, ndipo m'mbali mwa kamutuko munatuluka timakutu tiwiri totambasuka.

Adokotala anasiya kuseka. Anagwira khutu lawo osadziwa kuti aligwira.

"Makutu a achimwene anga," anatero chapansipansi.

Atelala anatiyang'anitsitsa timakututo. Amuna awo anamwalira mwana wawoyu asanakwatiwe, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi anali asanawaone makutu amenewo pa munthu wina kupatula mlamu wovutayu. Misozi inadzaza magalasi mpaka khandalo linasanduka chikasu chokhachokha. Anapapasa pofunafuna chopukutira, Adokotala ananyamuka pang'ono n'kuwapatsa juzi ya laputopu ija.