Bemberezi wa Ndevu

Chiwapezereni ndi matenda a shuga kuchipatala, bambo a Mzime ankamwa tiyi ngati akumwa mankhwala. Mkazi wawo anatsekera shuga m'kabati, kiyi n'kumangirira pa mpango wa kumutu. Bambowo anali osoka nsapato. Ankagwirira ntchito pakhonde la kuseri, pomwe magalagadeya anayanga pa waya kuchokera ku bafa mpaka ku mpanda.

Magalagadeyawo ndi amene anabweretsa Mzime kunyumba. Mtsikanayo anali m'chaka chomaliza ku koleji, ndipo aphunzitsi anamutuma kuyeza timadzi totsekemera ta m'maluwa a magalagadeya n'kulemba zimene zili m'menemo. Popanda timadzito panalibe satifiketi.

Tsiku loyamba anathyola duwa limodzi n'kuwaonetsa makolo ake.

"Timadzito timabisala pansi apa. Bemberezi akamatifuna amalowetsa mutu, msana wake n'kudzola mungu. Akapita pa duwa lina, basi chipatso chagwira."

"Nanga muli chiyani m'timadzimo?" anafunsa mayi ake.

"Madzi, tizinthu tina tomanga thupi, koma kwambiri ndi shuga. Shuga wa mitundu itatu."

Bambo ake anasiya kusoka.

"Wati ingati, mwanawe?"

"Itatu, ababa."

"Itatu," anabwereza bambowo chapansipansi, n'kuyang'ana waya uja kuyambira ku bafa mpaka ku mpanda.

Mzime anadula neti yakale ya udzudzu n'kupanga timatumba. M'mawa uliwonse ankamanga timatumbato pa maluwa amene anali pafupi kumasula, kuti tizilombo tisamwe timadzi. Maluwawo ankamasula masana, iye ali ku koleji. Madzulo ankabwera ndi timachubu tagalasi tating'ono ngati udzu, n'kulowetsa m'duwa lililonse. Timachubuto tinkatuluka touma gwa.

Anathirira mbewuyo m'mawa ndi madzulo. Anasintha timachubu. Anasoka timatumba tina tothina maso, poganiza kuti nyerere zikulowa. Palibe chinasintha.

"Mwina mtundu wake ndi woumira," anatero bambo ake, maso ali pa chidendene cha nsapato. "Mbewu zina zili ngati anthu ena m'nyumba muno."

"Ndamva," anayankha mayi a Mzime ali kukhitchini.

Chodabwitsa n'chakuti masiku amenewo bambowo anasiya kudandaula za tiyi. Ankaimba mluzu. Akadya chamasana ankawauza akazi awo kuti akagoneko pang'ono, pakuti munthu wamkulu safunika kudzipanikiza. Mayiwo anayamba kuganiza kuti matenda awafewetsa mtima amuna awo.

Maluwa anayamba kuchepa pa waya. Madzulo ena Mzime anakhala pa sitepe, timachubu touma tili m'manja, misozi ili lengelenge.

"Amayi, maluwa akatha ndibwereza chaka. Komanso pali china chikundizunguza mutu. Taonani."

Anawatengera ku waya n'kuwaonetsa timatumba takale timene anaiwala kumasula. M'kati mwake munali tizipatso tobiriwira, tonenepa bwino.

"Si zabwino zimenezi?" anafunsa mayiwo.

"N'zosatheka, amayi. Mtundu uwu subereka popanda mungu wa duwa lina. Bemberezi walowa bwanji m'thumba lomanga?"

Mayiwo anagwira kathumba kamodzi n'kuyang'anitsitsa mfundo yake. Inali mfundo yaudongo, yolimba, ulusi wake wodulidwa mofanana mbali zonse. Mzime chibadwire sanamangepo mfundo yotere, ngakhale ya nsapato zake zomwe.

"Bemberezi ameneyu amadziwa kumanga," anatero mayiwo. "Mawa usapite ku koleji. Ukhale kuchipinda, usatsokomole."

Mawa lake atadya chamasana, bambo a Mzime anati, "Mayi a Mzime, kagoneniko. Mwatopa inu."

"Zikomo bambo, mumandiganizira."

Mayi ndi mwana anaima pa zenera la kuchipinda, katani atatsegula pang'ono. Anaona bambowo akuika nsapato pansi, n'kusolola kaudzu kobowoka m'thumba la malaya. Anayenda monyang'ama mpaka pa waya, anamasula kathumba ndi zala ziwiri, anawerama, nkhope yonse n'kulowa m'duwa. Atamaliza anamanganso bwinobwino n'kupita pa duwa lina. Apa n'kuti akung'ung'udza kanyimbo.

"Bambo a Mzime!"

Bambowo anatembenuka, kaudzu kali pakamwa. Mphuno, ndevu ndi nsidze zonse zinali chikasu ndi mungu.

"Ndimaona ngati ulusi walimba," anatero.

"Ndi mphuno?"

"Maso anga mukuwadziwa, mayi."

"Nanga kaudzuko ndi magalasi?"

Bambowo anachotsa kaudzuko n'kukayang'ana ngati akukaona koyamba.

"Adokotala ananena shuga wa m'kabati. Za maluwa sanatchule. Komanso n'kadontho chabe, kosakwana ndi kunyowetsa lilime."

"Kadonthoko ndiye satifiketi yanga, ababa," anatero Mzime. Anafuna kukalipa, koma poona ndevu zachikasu zija anaseka, ndipo kusekako kunathera m'kulira.

Bambowo anakhala pansi pa mpando wawo. Iwo ankayesa kuti mwanayo akufuna maluwa, ndipo timadzi n'tongotsalira. Anawerenga ndi maso maluwa amene anali asanamasule. Anali ochepa, okwana dzanja limodzi.

"Amenewa angakukwanire?"

"Ngati bemberezi atawasiya."

"Mayi a Mzime, neti ija yatsalako?"

"Yatsala. Bwanji?"

"Ine ndikudzidziwa. Dzuwa likafika pamutu, fungo lija likayamba, miyendo imanyamuka yokha. Musavutike n'kumanga maluwa okha. Mangani ine."

Bambowo anasoka okha thumba lovala kumutu, lalikulu bwino, la chingwe cha m'khosi. Mayi ndi amene ankamanga mfundo yake kumbuyo, kumene zala za mwini wake sizikanaiona. Masana onse a sabata imeneyo bambo a Mzime ankasoka nsapato mutu uli mu neti. Kasitomala wina, dalaivala wa basi, anaima pa geti n'kufunsa ngati matendawo ndi opatsirana.

"N'za sukulu izi, achimwene," anayankha bambowo. "Siyani nsapatoyo pamenepo."

Timachubu tinadzaza. Mzime anapita nato ku koleji, ndipo atabwerako ndi zotsatira anawawerengera makolo ake pakhonde: shuga wofanana ndi wa nzimbe ndiye anali wambiri, kenaka mitundu ina iwiri ija. Aphunzitsi anali atalandira ntchitoyo.

Bambowo anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu.

"Tsono mwanawe, iwe waphunzira. Mwa mitundu itatuyo, adokotala analetsa uti?"

"Yonse, ababa."

Anapumira m'mwamba n'kutola nsapato. Pa waya panali patatsala duwa limodzi lochedwa, likuyamba kumasula. Mayi a Mzime analiona, anawaonanso amuna awo, n'kulowa m'nyumba kukatenga neti.