Mbatatesi za Pamphambano

Mvula inkawaza kuyambira m'mawa, ndipo chifunga chinali chitakuta nyumba za ku Mayville. M'chipinda chawo cha lendi, Mwaiwathu ankamanga zingwe za nsapato zake zothamangira n'kumazimasulanso. Mayi ake, Loveness, anali ataikidwa Lachinayi.

"Maliro sitinamete," anatero Ernest, malume ake. "Mawa iwe uli mumsewu ndi kakabudula? Anthu adzati chiyani?"

"Amalume, ndikuthamanga kuti ndipezere thandizo nyumba yosamalira odwala ija. Amayi anagona kumeneko mpaka tsiku lomaliza."

"Eish! Alamu, lankhulani naye mwana wanuyu."

Kenson, bambo a mtsikanayo, anali pakhomo akupala matope ku jombo zake za kuntchito. Anapitiriza kupala.

Ankakumbukira kuti kusukulu mwanayu ankadzitcha Nomvula, dzina la eni dziko, poopa kudziwika kuti ndi mlendo, ndipo m'minibasi ankawatsina mayi ake akayamba Chichewa. Kenako analowa gulu la achinyamata othamanga mitunda italiitali posonkhetsa thandizo la odwala. Loveness sankaphonya mpikisano. Ankaima pamphambano ya m'munsi mwa chitunda cha ku Sydenham ndi beseni la mbatatesi zowiritsa zothira mchere, n'kumapatsa mwana aliyense wotopa, osafunsa kwawo. Akangoona wake, ankaiwala mantha onse. "Mwaiwathu! Limba, mwana wa ku Ntcheu!" Chaka chotsatira, mtsikanayo analembetsa dzina lake lenileni pamalaya othamangira. Mumtima Kenson ankauthokoza msewuwo.

"Alamu, ndikulankhula nanu."

"Ndamva."

"Ndiye?"

"Athamanga."

"Nanga mwambo?"

"Tidzameta akabwerako. Tsitsi silithawa."

Ernest anapukusa mutu, kenako anaseka mosafuna. "Nkhutukumve ngati mlongo wanga yemwe. Munapezana."

Koma Mwaiwathu sanaseke. Anaika nsapato pansi.

"Bambo, pamphambano paja sipadzakhala munthu. Kaya ndidzatha kudutsapo."

Kenson anayang'ana pamwamba pa kabati, pomwe panali beseni lobiriwira, lothetheka m'mphepete.

"Mchere amayi ako ankathira wochuluka bwanji?"

Mtsikanayo anamuyang'ana kanthawi. "Wodzaza dzanja."

"Lawo kapena langa?"

"Lawo, bambo. Lanulo mupha ana a eni."

Kenson anagwedeza mutu. Anatsitsa beseni lija, anakhala pansi, n'kuyamba kutsuka mbatatesi.