Galu Amene Ndinamuchotsa Ntchito

Ndinalondera pamalo ogulitsira matabwa zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo chimene ndinaphunzirapo ndi chimodzi: munthu akakumwetulira pageti, pali chimene akufuna kutuluka nacho. Ndiye sitiroko itandipinda dzanja lamanja, mwana wanga wamkazi n'kuyamba kundimwetulira tsiku ndi tsiku, ndinadziwa kuti pali nkhani.

Nkhaniyo inali ya chipinda changa. Loko wa pakhomo langa amafuna manja awiri, lina logwira, lina lopotokola kiyi. Chidwalireni ankanditsegulira ndi mayi woyandikana naye nyumba.

"Ababa, mwezi uno ukatha musanathe kutsegula loko nokha, mukubwera kwathu," anatero mwana wanga. "Chipinda takonza kale."

Chipinda chimenecho ndimachidziwa. Zenera lake lili pomwe mkamwini wanga amatsukira galimoto akuimba, ndipo mawu ake ali ngati sowo yobuntha pa thabwa lauwisi. Ndinati bola kufera pakhomo langa.

Lachiwiri ndi Lachisanu ankanditengera kuchipatala, kuchipinda cha mafizo. Munali mipiringidzo iwiri yogwirira poyenda, galasi lalikulu loti uzidzionera kuwonongeka kwako, ndi dengu la timipira. Mayi wa mafizo ankandikoka zala chimodzichimodzi, koma akangosiya zinkabwerera m'chibakera.

"Kunyumba mukumachita, agogo?"

"Kwambiri."

Ndinkanama. Sindinkakhulupirira kuti kampira kangabweze dzanja la munthu.

Pabenchi ndinkakhala ndi telala wina wodwala mwendo. Pakamwa pake sitiroko inapalambalala, mwatsoka lathu.

Lachisanu lina kunalowa mayi wamfupi atagwira galu pachingwe. Galuyo anavala kajekete kachikasu, ndipo pakhosi panalendewera chitupa chokhala ndi chithunzi chake. Ine zaka makumi awiri ndi zinayi sanandijambulepo.

Mayi wa agaluyo anafotokoza kuti iwo amatola agalu otayidwa, kuwachiritsa ndi kuwaphunzitsa ntchito. Ena amanunkhiza katundu, ena amatsogolera anthu osaona, ndipo uyu amacheza ndi odwala.

"Tinamupeza m'ngalande, nthiti zikuwerengeka," anatero.

"Takulandirani, Adokotala!" anafuula telala, ndipo dzinalo linakhala pomwepo.

Ine maso anga anali pa khutu lamanzere la galuyo. Linali long'ambika kunsonga. Khutu limenelo ndinaling'amba ndine, ndi duka la njerwa.

Bwana wanga anamubweretsa ali kamwana kuti tizilondera limodzi. Koma galu ameneyu sankauwa. Wogula, wopempha madzi, wamisala, onse ankawagwedezera mchira. Tsiku lina masana nditapita kuseri, munthu anatuluka ndi matabwa awiri paphewa, galu n'kumuperekeza bwinobwino mpaka pamphambano. Bwana anandilalatira ine. Ine ndinathamangitsa galu. Ankabwerera pageti, ine n'kumugenda. Kenako sindinkavutikanso ndi miyala: ndikangofumbata dzanja, ankaliyatsa liwiro. Patapita masiku anasiya kubwera.

Tsopano ndi uyu, wonenepa, ubweya uli salalala, akuyenda benchi ndi benchi ngati woyendera sukulu. Anaika mutu pabondo la telala. Analola mayi wina wosalankhula kumupesa msana. Atafika pa ine anaima. Anayang'ana dzanja langa lamanja, n'kubwerera chafutambuyo mpaka kuseri kwa miyendo ya mayi wa agalu.

"Zachilendo," anatero mayiyo. "Zaka ziwiri sanathawepo munthu."

"Achimwene, Adokotala akupimani mtima," anatero telala. "Zotsatira sizili bwino."

"Agalu ndi auve," ndinayankha. "Atalikire komweko."

Sabata yotsatira zinachitikanso chimodzimodzi. Ndinadziuza kuti sindikusamala. Koma kukanidwa ndi galu amene anaperekeza wakuba mpaka pamphambano, pamaso pa telala, kumawawa kuposa jakisoni.

Ulendo wachitatu mayi wa agalu anakhala pambali panga.

"Bambo, galuyu sakuopa inu ayi. Akuopa chibakeracho. Amene ankamugenda ankafumbata choncho. Agalu otere timawatambasulira dzanja chapansi, chikhatho chili m'mwamba, aone okha kuti mulibe kanthu."

Ndinatambasula lamanzere. Galu analiyang'ana pang'ono, n'kubweza maso pa lamanja. Sanasunthe.

Pamenepo ndinatsala pang'ono kuseka. Mlonda aliyense amadziwa kuti munthu akafulumira kukuonetsa thumba limodzi, useche linalo. Ntchito imene inamukanika pageti, galuyu anadzaiphunzirira pa ine.

"Amene ankamugendayo ndine," ndinatero, ndi mawu apansi kuti telala asamve.

Telala anamva.

"Ee! Ndiye mwakumana ndi wantchito wanu wakale! Iye ali ndi yunifolomu, inu muli pabenchi. Dziko ndi lozungulira, achimwene."

Ndinadikira kuti mayiyo andinyoze, kapena achotse galu wake. Anangomusisita pakhosi.

"Sakusungirani mlandu," anatero. "Akungodikira aone chimene chili m'dzanjamo."

Ndinafika kunyumba nditakwiya. Ine, munthu amene sindinatulukepo ndi msomali umodzi wa bwana, galu azindiyang'ana ngati ndabisa kanthu? Ndinatulutsa kampira kaja anandipatsa kuchipatala pansi pa bedi pomwe ndinakaponya. Ndinkakhala pakhonde m'mawa, dzanja lili pabondo, ndikukangana ndi zala zanga ngati ana osamva. Ndinkaziviika m'madzi ofunda. Ndinkazitukwana. Mayi woyandikana naye anafika pofunsa ngati ndalandira alendo.

Chala cholozera ndicho chinayamba kumva, chinasuntha ngati mphutsi. Chapakati chinatsatira patatha masiku anayi. Mayi wa mafizo anandiyang'ana mokayika.

"Agogo, mwayamba liti kunena zoona?"

Lachisanu lomaliza la mwezi, mwana wanga anakhala kumapeto kwa benchi, chikwama chili pamiyendo. Ndinadziwa kuti m'mutu mwake akupinda kale malaya anga. Galu anamaliza kuyendera odwala ake n'kuima patali pang'ono, pamalo pake pa masiku onse.

Ndinatsitsa dzanja pafupi ndi pansi. Thukuta linatsika m'khosi. Cholozera chinatambasuka, chapakati, kenako chinzake. Chachikulu chinatuluka mozengereza. Kakang'ono kanakana, kanangoti khwinya ngati mlamu womanidwa mpando.

"Kameneko kasiyeni, sikangabise njerwa," ananong'ona telala.

Galu anatambasula khosi. Anaponda kamodzi, kawiri. Mphuno yake yozizira inayenda m'chikhatho monse, mpaka pansi pa kachala kokana kaja. Anasecha bwino, ndivomere. Atakhutira anaika chibwano chake m'dzanja langa n'kupumira m'mwamba, kulemera konse kwa mutu wake kuli pa zala zanga. Sizinatseke. Khutu long'ambika lija linali pafupi ndi chala changa chachikulu, ndipo ndinaligwira.

"Dovu lonseli," ndinatero. "Ndinanena kuti ndi auve."

Onse anayang'ana kumbali. Ngakhale telala anali kuyang'ana kudenga.

Masana amenewo tinaima pakhomo langa. Mwana wanga anapinda manja pachifuwa. Ndinaika loko m'dzanja lamanja. Anaterereka. Ndinamuikanso, anatererekanso. Kachitatu zala zinamugwira, lamanzere linapotokola kiyi, loko n'kuti tcha.

Mwana wanga anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Nanga chipinda chija, ababa?"

"Muikemo mwamuna wako. Aziimbira momwemo, zenera litatsekedwa."

Anaseka, kenako anati ndiyenera kukathokoza galu. Ine kuthokoza galu? Ndimapitako Lachisanu lililonse, inde, ngakhale mayi wa mafizo anati kamodzi pamwezi n'kokwanira. Ndimapita kukaona ngati akugwira ntchito moyenera, poti amene ndinayamba kumuyang'anira ndine. Amandisecha dzanja ndisanakhale n'komwe pansi. Kuuwa kokha, mpaka lero sanauwepo.