Kampando ka Riboni

Kalata inati ndifike kuchipatala teni koloko, ndivale bwino, akufuna kundilemekeza. Sindinamvetse. Ntchito ya uzamba ndinapuma zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, ndipo tsiku lotsanzikana anandipatsa kale ketulo.

"Ulemu wina wachiyaninso?" ndinafunsa mwana wanga wamkazi ali pa chiwongolero.

"Amayi, mukangokhala phee n'kumamwetulira. Musakayambe zanu zija."

Chipatala ndinachipeza chitatembenuka. Pomwe panali chipinda chochilira pali ofesi. Pomwe tinkayanika magolovesi pali makina ogulitsa zakumwa. Anatilowetsa m'holo yozizira ngati mufiriji, ndipo kutsogolo, pa tebulo, ndinaona kampando kanga kamatabwa, ka mwendo wokhoma kawiri kaja, atakamanga riboni wofiira. Ndinayesa akufuna kundibwezera.

Kampandoka ndinkayenda nako bedi ndi bedi. Nditangoyamba ntchito, madokotala ena ankanena poyera kuti mayi wachikuda ndi wolimba, samva ululu msanga, akalira ndiye kuti akungofuna kuonedwa. Tinkataya amayi atachira kale, ena atafika ndi kunyumba komwe. Ine ndinaona chinthu chimodzi. Ukamufunsa mayi uli chiimire, amati ali bwino, poopa kukuchedwetsa. Ukakhala pansi, maso ako alingane ndi ake, n'kudikira pang'ono, amanena zoona. Basi. Panalibe nzeru ina.

Mkulu wa chipatala, bambo wa tayi, anayamba kuonetsa zithunzi pakhoma, mizere yokwera ndi yotsika. Anati njira yanga tsopano ndi mafunso khumi ndi awiri a pa tabuleti, kakompyuta kam'manja, ndipo mayi aliyense amafunsidwa m'mphindi ziwiri zokha. Anthu anawomba m'manja. Ndinamukodola mwana wanga.

"Akunena ine kapena mzamba wina?"

"Inuyo, amayi. Tatsitsani mawu."

"Mafunso khumi ndi awiri? Ine ndinali ndi limodzi."

Ndinadzuka kukafuna chimbudzi ndipo ndinasochera. Khomo lina linali lokhoma, lina lofuna khadi. Ndinatsatira mayi wokolopa mpaka kulira kwa makanda kunandikokera mu wodi ya amayi ochira.

Pa bedi la pakona panakhala mayi wachitsikana atavala kale, chikwama chomanga, khanda lili pambali. Anali atatsinzina, dzanja lili pachipumi. Namwino anaima kumapazi kwake, tabuleti ili m'manja.

"Mutu?"

"Pang'ono."

"Magazi akutuluka ambiri?"

"Ayi."

"Chabwino. Amuna anu akafika muzipita."

Namwino anasunthira bedi lina. Kutsinzina kuja sindinakukonde. Ndinafuna pokhala, koma wodi yonse inalibe mpando ndi umodzi womwe, ndipo pakhoma anamata pepala loletsa alendo kukhala pa bedi. Zogwada, mawondo anga anakana kalekale.

Ndinabwerera kuholo potsatira mawu a maikolofoni. Ndinalowa mkulu uja akulozera tebulo, ndinanyamula kampando kanga, riboni ali pompo, n'kutuluka. Anthu anawombanso m'manja poyesa kuti ndi mbali ya mwambo. Mwana wanga anabisa nkhope.

Ndinakaika pafupi ndi bedi lija n'kukhala.

"Mwanangu, ukumva bwanji?"

"Ndili bwino, agogo."

Ndinayang'ana mapazi ake. Anali otupa, nsapato atangoziponda kuzidendene. Khanda linayasamula. Ndinadikirabe.

"Kungoti, agogo, ndikuona tinyenyezi m'maso. Ndiye apa," anagwira pansi pa nthiti kumanja, "pakuwotcha. Ndimati mwina ndi njala."

"Unawauza anamwino?"

"Anali otanganidwa. Sindinafune kuwachedwetsa."

Ndinatembenuka. "Anamwino, tabwerani ndi makina a BP."

"Agogo, nthawi ya alendo sinakwane. Ndinu apongozi awo?"

"Sindikumudziwa n'komwe. Tamuyezani."

"Tinawayeza m'mamawa, zinali bwinobwino."

"M'mamawa ndi kale. Mukufuna akakomoke m'galimoto khanda lili m'manja?"

Namwino anayang'ana ine, anayang'ana riboni, osamvetsa kuti nkhalambayi yachokera kuti. Koma anayeza. Manambala atatuluka anangothamanga. Posakhalitsa kunabwera dokotala, diripi, jakisoni, chikwama chija n'kumasulidwa.

Mwamuna wa mayi uja anatulukira makiyi ali m'manja. "Amati tituluka lero. Nanga chachitika n'chiyani? Inu ndinu ndani?"

"Lero ayi, bambo. Akazi anu BP yakwera, koma aigwira nthawi ilipo. Ikani makiyiwo m'thumba, nyamulani mwanayu. Mutu muugwirizize, si mtolo umenewo."

Ndinadzuka kuti ndimuonetse kagwiridwe. Nthawi yomweyo mwana wanga analowa atakumbatira satifiketi ya mu felemu, mkulu wa tayi ali pambuyo pake akupumira m'mwamba.

"Amayi, mwandichititsa manyazi! Anaitana dzina lanu katatu. Ndalandira ine ngati ndabereketsapo munthu."

"Mayi," anatero mkuluyo, "kampando kaja tikufuna tikaike m'galasi pa khomo lolowera, anthu azikaona. Mwakasiya pati?"

Tinakafunafuna. Kanali pa bedi lachitatu, namwino uja atakhalapo, tabuleti ili chafufumimba pamiyendo, akudikira mayi wina ayankhule.

"Kali pa ntchito, bwana," anatero namwinoyo osatembenuka.

Mkuluyo anaima pomwepo, osadziwa kuti akwiye kapena awombe m'manja. Ine ndinakoka mwana wanga, chifukwa chimbudzi ndinali ndisanachipezebe.

M'galimoto ndinavala magalasi n'kuwerenga satifiketi ija. Akundithokoza chifukwa choyambitsa mafunso khumi ndi awiri. Ndaipachika pabalaza, pamwamba pa wailesi, koma khumi ndi limodzi enawo mpaka lero sindikuwadziwa.